Waya waduka pachitseko cha galimoto: kupota, kuwotcherera, kufinya kapena kusinthiratu?

Galasi la kwa dalaivala likayamba matama, lero lakwera mawa lakana, ambiri amathamangira kukagula swichi. Swichi ikalephera amati ndi mota. Ndalama zapita kawiri, galasi likadali pakatikati, mvula ikulowa. Musanagule kanthu yesani izi: tsegulani chitseko, dinani batani osalisiya, ndipo muzikoka chitsekocho pang'onopang'ono ngati mukutseka. Galasi likadzidzimuka n'kuyenda chitseko chitafika pamalo ena ake, kenako n'kuimanso, swichi ndi mota zilibe mlandu. Vuto lili m'kamphira kamakwinya kaja kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi.

M'kamphirako mumadutsa mawaya onse opita kuchitseko: a mota ya galasi, a loko, a galasi loonera kumbuyo, a sipika. Pachitseko cha dalaivala mumadutsanso mawaya a mabatani oyendetsera magalasi a zitseko zinazo, n'chifukwa chake waya mmodzi akaduka kumanja kutsogolo, windo la kumbuyo kumanzere likhoza kufa, inu n'kumamasula chitseko chosalakwa. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa kadulidwe ka waya popanda pulaya: kumupinda uku ndi uku pamalo amodzimodzi mpaka atenthe n'kuthyoka. Chitseko chimachita zomwezo, kungoti mwaulesi, kwa zaka. Mkuwa ukamapindidwa umauma, khungu la pulasitiki limauma ndi ukalamba ndi dzuwa n'kung'ambika, titsitsi ta mkuwa tam'kati timaduka kamodzikamodzi. Ma Vitz, ma Passo, ma Demio ndi ma Note amene amatsika ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe amafika atatsegulidwa kale zitseko zaka zambiri ku Japan. Akalowa ntchito ya takisi kuno, chitseko sichipuma. Ma Golf ndi ma Polo nawo amadziwika ndi nthenda imeneyi, ndipo pa galimoto zotsegula kumbuyo imagwiranso mawaya olowa m'chitseko cha buti, pamene waipa yopukuta galasi la kumbuyo kapena magetsi a nambala amangozima.

Musanakhudze waya, chotsani chingwe cha negative pa batire. Zitseko zina zili ndi kachipangizo ka airbag m'kati, ndipo mabuku a Toyota amati mudikire masekondi 90 mutachotsa batire musanagwire ntchito pafupi ndi mawaya amenewo. Pulagi yachikasu ndi chizindikiro cha airbag: osailowetsa tesita, osaidula. Chenjezo lina ndi la wailesi. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan, batire likachotsedwa, amadzuka akufuna kakhadi kawo kapena nambala yachinsinsi, n'kumangoonetsa zilembo za Chijapani. Onani kaye ngati khadiyo ilimo.

Kenako vulani kamphirako mbali zonse ziwiri ndipo kokani waya aliyense payekha ndi zala. Woduka m'kati, khungu lake likuoneka lathunthu, amatamuka ngati legeni. Mita yoyezera magetsi pano imanama: katsitsi kamodzi ka mkuwa kakatsala, mita ilira kuti njira ilipo, koma katsitsi kameneko sikanganyamule mota ya galasi imene fyuzi yake imakhala ya ma amp 20 kapena 30. Ngati fyuzi ikumaphulika mukatsegula chitseko, fufuzani waya wosenduka amene akukhudza chitsulo kapena mnzake.

Mwapeza woduka. Funso tsopano ndi kalumikizidwe.

Kupota ndi kukulunga tepi

Iyi ndi njira ya pansi pa mtengo, ndipo sindiinyoza kwenikweni. Muli pa Zalewa, kwada, galasi lakana kukwera, mitambo yakuda: sendani mbali ziwirizo, potani, kulungani tepi yakuda, kwezani galasi, pitani. Yakuthandizani. Koma waya woduka safika pa mnzake popanda kumukoka, ndiye mukamupota amafupika, n'kukhala wokungika kuposa anzake onse. Chitseko chikatseguka mpaka kumapeto, iyeyo ndiye amasenza katundu. Tepi nayo m'kutentha kwa October imasungunuka ulimbo n'kuyamba kutsetsereka, mkuwa n'kukhala pamtunda pakati pa mawaya anzake. Amene amakonza motere pa galaja n'kukulipiritsani ngati wagwira ntchito yatha, wakubwerekani masabata ochepa chabe.

Kuwotcherera ndi mtovu

Amagetsi ambiri amakhulupirira njira iyi, ndipo pa nkhani ya kudutsa kwa magetsi sanama: joyini yowotcherera bwino siitaya mphamvu, siisuntha, ndipo ndi yopyapyala, imalowa m'kamphira mosavuta. Mtovu wamba wa zamagetsi umasungunuka pa madigiri a m'ma 180, ndipo uyenera kukhala uja wokhala ndi utomoni m'kati. Mankhwala a asidi amene amagwiritsa ntchito owotcherera ma radiator asayandikire waya wa galimoto, amadya mkuwa mwakachetechete mpaka ubiriwire.

Chilema chake n'chakuti mtovu ukasungunuka suima pamene mwauika. Umakwera m'titsitsi ta mkuwa monga palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, n'kulowa pansi pa khungu la waya kumene simukuona. Mbali imeneyo imasanduka ndodo. Waya amene amayenera kupindika mofewa m'litali mwake monse tsopano akupindikira pamalo amodzi, pamene ndodo yathera. Joyini siiduka ayi, waya amadukira pambali pake penipeni. Galimoto ikabwereranso kwa makaniko, iye n'kunena kuti "panga sipanaduke, paduka pena", akunena zoona, koma woyambitsa ndi iye yemwe.

Pali zovuta zina zazing'ono. Malo ake ndi opanikizana, chitsulo chotentha chikhoza kupsereza mawaya oyandikana kapena utoto. Chimafunanso magetsi, pokhapokha mutakhala ndi cha gasi kapena cha batire. Ndipo dzanja losazolowera limadontheza mtovu pamwamba pa waya wozizira, n'kupanga chibuluma chooneka cholimba koma chosagwira m'kati. Lamulo lake n'lakuti mutenthetse waya, wayayo ndiye asungunule mtovu.

Kufinya m'kachitsulo

Harness (mtolo wa mawaya) ya galimoto iliyonse yochokera kufakitale, mapini ake sanawotcherere, anachita kufinya. Waya amalowa m'kachitsulo, kachitsuloko kamapanidwa mwamphamvu mpaka titsitsi tonse tigwirane popanda mpata wa mpweya. Palibe moto, palibe mtovu wokwera, ndiye waya amakhalabe wofewa mpaka pakhomo pa kachitsuloko. Malangizo a Volkswagen okonzera mawaya amaletsa kuwotcherera, amafuna kufinya basi.

Tizitsulo tolumikizira mawaya awiri kumutu ndi kumutu timatchedwa butt connector, ndipo mitundu ya khungu lake imanena kukula: tofiira ndi ta waya wa 0.5 mpaka 1.5 mm², ta buluu ta 1.5 mpaka 2.5, tachikasu ta 4 mpaka 6. Pachitseko mudzagwiritsa ntchito tofiira kwambiri, ta buluu pa mawaya onenepa a mota ndi a earth (obwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto). Ta khungu louma lapulasitiki, timene timadzaza m'mashopu, sititseka madzi ndiponso ndi tonenepa. Tabwino ndi ta khungu lofota ndi moto lokhala ndi ulimbo m'kati, kapena tachitsulo chokhachokha timene mumavekapo heat shrink panokha, kachubu kaja kamene kamafota n'kukumbatira waya mukakawamba. Ine ndimakonda tachitsulo chokhachokhati chifukwa mumaona ndi maso mmene mwafinyira, komanso joyini imatuluka yowonda.

Kufooka kwa njira iyi kuli pa chida. Kufinya ndi pulaya wamba kapena kutafuna ndi yodulira kumangophwanya kachitsulo, waya n'kumasewera m'kati. Pamafunika chofinyira chenicheni, makamaka chija chimene sichitseguka mpaka chitamaliza kupana. Mukafinya, kokani mbali ziwiri mwamphamvu ndithu. Waya akasololoka m'manja mwanu, thokozani, akanasololoka muli paulendo.

Masiku ano kwabweranso timachubu tokhala ndi mphete ya mtovu pakati, toti mungolowetsa mawaya n'kuwamba. Ndi tosavuta, timatseka madzi, ndipo pa waya wa sipika tikhoza kugwira. Koma mtovu wake ndi wochepa, nthawi zambiri khungu limapsa iwo usanalowerere, makamaka mukamawamba ndi laitala. Pa waya wa mota ya galasi sindingatiike.

Nkhani yeniyeni ndi malo

Mkangano wa owotcherera ndi ofinya sudzatha, ndipo mbali zonse ziwiri zimaphonya chachikulu. Joyini iliyonse ndi yowuma. Kaya mwawotcherera, kaya mwafinya ndi chida chodula, mwaika chinthu chosapindika. Mukachiika m'kamphira, pamalo pamene ntchito yake ndi kupindika, waya adzadukanso. Funso loti "ndilumikize ndi chiyani" limabwera pambuyo pa loti "ndilumikizire pati".

Njira imene imakhalitsa ndi iyi: osalumikiza pamene paduka. Dulani n'kutaya chigawo chonse chodutsa m'kamphira, ikanipo waya watsopano, ndipo majoyini awiriwo akakhale kumalo osagwedera, imodzi m'kati mwa chitseko, inayo m'kati mwa thupi la galimoto, kuseri kwa pulasitiki ya pafupi ndi phazi la dalaivala. M'kamphira mudutse waya wathunthu wopanda chilema. Zikatero, kaya mwafinya kaya mwawotcherera, kusiyana kwake kumachepa kwambiri, chifukwa joyini ili pamalo pamene palibe choipinda.

Ntchito yake ndi yambiri, sitingabise. Muyenera kuchotsa chophimba cha m'kati mwa chitseko, kumasula mapulagi a m'chitsekomo kuti harness ikokeke, ndi kuvula tepi yakale. Majoyini amakhala awiri pa waya aliyense m'malo mwa imodzi. Ena amachita kuchotseratu chitseko pa mahinjesi kuti apeze mpata, koma kubwezera chitseko kuti chizitseka bwino ndi ntchito inanso, ndiye ngati harness ikukokeka chitseko chili pomwepo, chisiyeni.

Ndipo mukafika pamenepa musakonze mmodzi yekha. Mawaya onse m'kamphirako ndi a msinkhu umodzi, apindika nthawi zofanana. Amene waduka lero wangotsogola. Pindani aliyense pa chala: khungu likaonetsa ming'alu, msintheni tsopano chitseko chikadali chovula. Dulani mmodzimmodzi, kumaliza uyu musanadule wina, chifukwa mawaya awiri a mtundu wofanana m'harness imodzi si zachilendo, ndipo amene wadula onse nthawi imodzi amagona pa galaja. Jambulani ndi foni musanayambe. Pa mitundu, kumbukirani kuti earth pa Toyota amakhala woyera wa mzere wakuda, pamene pa Volkswagen ndi BMW ndi wabulauni. Majoyini musawaunjike pamalo amodzi. Atalikitseni masentimita awiri kapena atatu, ina patsogolo ina pambuyo, kuti harness isatupe ngati njoka yomeza chule komanso kuti khungu likadzang'ambika mkuwa usakumane.

Waya wolowetsapoyo ndiye mtima wa ntchito yonse. Utali wake ufanane ndi wa chigawo chomwe mwachotsa. Akafupika amakungika, akatalika kwambiri amadzipinda m'kamphira n'kupanidwa ndi chitseko. Kunenepa kwake kusachepere wakaleyo: a zizindikiro amakhala a 0.35 kapena 0.5 mm², a mota amafika 1.5 kapena 2.5. Waya wa m'nyumba wa chingwe chimodzi chowuma, ayi. Wabwino ndi wa titsitsi tambiri tating'onoting'ono. Wa khungu la silicone ndi wofewa zedi, ndipo ndi amene amaikidwa m'mapaketi ena okonzera zitseko ogulitsidwa ku Ulaya, koma khungu lake limachekeka msanga pa chitsulo chakuthwa ndiponso ndi lonenepa, ndiye mawaya akachuluka amavuta kulowa m'kamphira. Chenjerani ndi waya wotchipa wooneka ngati mkuwa koma ali aluminiyamu wopaka: palani katsitsi ndi mpeni, m'kati mukayera ngati siliva msiyeni, amathyoka msanga kuposa mkuwa. Kunena zoona, gwero labwino la waya kwa ife ndi harness yakale ya galimoto yophwasulidwa. Tengani chigawo chimene chinkagona pansi pa kapeti, chosapindidwapo. Ndi mkuwa weniweni, wopangidwira galimoto, ndipo mwina mupeza ngakhale mitundu yofanana.

Akadukira pakamwa pa pulagi

Galimoto zambiri za ku Japan, harness ya chitseko imangodutsa m'kamphira n'kukalumikizidwa m'kati, pafupi ndi phazi. Zina, monga ma Golf ambiri, pulagi yake ili pakhomo penipeni, pa mzati wa chitseko, ndipo waya amakonda kudukira pafupi kwambiri ndi pini, n'kusiya kachitsa kosakwanira kulumikizapo. Apa pali njira zitatu, ndipo sizofanana.

Yoyenera ndi kutulutsa pini m'pulagi. Pini iliyonse imagwidwa ndi kalilime kakang'ono, ndipo mapulagi ambiri ali ndi kachotsekera kachiwiri kamtundu wina kamene kayenera kukankhidwa kaye. Ndi kachida kotulutsira mapini, kapena singano yophwatalala ndi kuleza mtima, pini imatuluka osathyola kanthu. Kenako mumaikapo pini ina yokhala ndi waya wautali. A Volkswagen amagulitsa mawaya achikasu okonzera, ofinyidwa kale mapini, ndipo nambala zake zimayamba ndi 000 979. Kwathu kuno chofulumira ndi kudula pulagi yofanana pa galimoto yakufa, ku Biwi kapena ku Ndirande, ili ndi michira yake yaitali, n'kumatengapo mapini. Pini yakale mukhoza kuitsegula timapiko n'kufinyamo waya watsopano, koma timapiko timeneti tikapindidwa kachiwiri timathyoka, ndiye ichi n'chochita mukasowa pogwira.

Yachiwiri ndi kusintha pulagi yonse ndi michira yake. Iyi ndi ya pamene madzi analowa, mapini abiriwira, ena adyeka. Kupala ndi kupopera mankhwala otsukira kumathandiza pini yongoda, koma imene yataya mphamvu yogwira mnzake siichira.

Yachitatu ndi kulambalala: kudutsa waya pambali pa pulagi, kuchokera m'galimoto mpaka m'chitseko. Imagwira, ndipo pa waya mmodzi, pini itasowa, ndingavomere. Koma tsiku limene owongola adzafune kuchotsa chitseko, adzadula wayayo osafunsa. Komanso waya wodutsa pabowo la chitsulo popanda mphira womuteteza amasenduka, ndipo akakhala wonyamula moto nthawi zonse, ameneyo ndi utsi ukudikira tsiku. Ngati mwalambalala, adutse m'kamphira momwemo.

Kugula harness yonse

Palibe njira yoposa harness yatsopano ya chitseko: mwamasula mapulagi, mwachotsa yakale, mwalowetsa ina, palibe joyini ngakhale imodzi. Vuto ndi kuipeza ndi mtengo wake, ndipo pa galimoto ya zaka 15 mwina anasiya kuipanga. Yakale ya pa galimoto yophwasulidwa ndiye imapezeka, koma ganizani: ndi ya chitseko cha dalaivala, ya msinkhu wofanana ndi yanu, yapindika chimodzimodzi. Muivule kamphira pomwepo pamaso pa wogulitsa, mupinde mawaya. Onaninso kachikwangwani ka nambala pa harness, chifukwa galimoto za dzina limodzi ndi chaka chimodzi zimasiyana: ina magalasi ake oonera kumbuyo amadzipinda, ina ali ndi getsi lokhotera, ina ilibe zonsezi, ndipo mapini ake sakhala pamalo amodzi. Oitanitsa kunja akumbukire kuti ya galimoto ya chiwongolero cha kumanzere siigwirizana ndi yathu. Ndingasankhe njira iyi ngati mawaya anapsa n'kumatirirana chifukwa cha shoti, kapena ngati manja ambiri adutsapo kale moti harness yangodzaza tepi ndi mitundu yosadziwika. Dziwaninso kuti pa galimoto za pulagi ya pakhomo, mbali ya m'thupi la galimoto si gawo la harness ya chitseko. Vuto likakhala kumeneko, kugula sikuthandiza.

Mawaya opotana awiriawiri

Pa galimoto zatsopanoko muli kakompyuta m'chitseko, ndipo mudzapeza mawaya awiri opyapyala opotana ngati chingwe cha mbuzi. Amenewo ndi a CAN, onyamula mauthenga. Pa Volkswagen amakhala a mtundu wa lalanje, wina wa mzere wabulauni, wina wa mzere wobiriwira. Akaduka, chitseko chonse chikhoza kukhala chete nthawi imodzi, ndipo akakhudzana kapena kugunda chitsulo amatha kusokoneza zinthu zakutali ndi chitsekocho. Kupotanako si kukongoletsa, kumateteza uthenga ku phokoso la magetsi ena. Mukawakonza, onse awiri akhale a utali umodzi, muwapotenso, ndipo malangizo a Volkswagen salola chigawo chosapota chopitirira masentimita 5. Tesita ya babu isawakhudze, gwiritsani ntchito mita. Koma mawaya a airbag, ngati ndi amene aduka, musawayesere nokha pakhomo. Pamenepo harness yonse kapena wamagetsi wodziwa galimoto yanuyo ndiye njira.

Ndiye pa Vitz ya takisi, waya mmodzi kapena awiri ataduka pakati pa kamphira, ine ndingasinthe chigawo chonse, majoyini ofinya okhala ndi heat shrink ya ulimbo, obisika m'chitseko ndi m'galimoto. Wamagetsi wanu akakhala kuti chofinyira alibe koma dzanja lake la mtovu ndi labwino, mloleni awotcherere, bola majoyini akhale kunja kwa kamphira, mtovu wochepa, ndipo heat shrink ipitirire mbali zonse za joyini. Funso lomufunsa musanasiye makiyi ndi lakuti, "Bambo, joyini muiika pati?" Akakulozerani pakamphira pomwepo, kambiranani kaye.

Pomaliza ntchito, mbali ya m'kamphira musaimange ndi tepi yapulasitiki mothina ngati mtolo wa nkhuni. Mawaya ayenera kutsetsereka pa anzawo chitseko chikamayenda, ndiye tepi ya nsalu yokulunga motayana ikukwanira. Bwezerani kamphira mpaka milomo yake ilowe m'chitsulo kuzungulira konse, chifukwa mpata wochepa ndi umene umamwetsa pulagi madzi dzinja lonse. Pepala la pulasitiki la kuseri kwa chophimba cha chitseko limatidwenso. Yesani chilichonse chitseko chili chotsegula, chili pakati, ndi chotseka, chophimba musanabwezere. Galasi likaleka kukwera lokha ndi kudina kamodzi batire litabwerera, si waya ayi, langoiwala malire ake: pa galimoto zambiri mumalitsitsa, n'kulikweza mpaka pamwamba mutagwira batani, osalisiya kwa masekondi angapo galasi litatseka kale.